Safunsa anadya phula

Akuluakulu potenga mwambiwu anayang'ana munthu amene wapeza chisa cha njuchi, osafunsa chodya ndi chiti, namangotafuna phula uchi ukudontha pansi. Palibe amene mwambiwu umamukhudza kuposa munthu wofuna kupachika mng'oma wake woyamba.

Matabwa ndi misomali n'zosavuta kupeza. Chovuta n'chimene chili m'mitu ya alimi akale. Iwo adzakuuzani kuti timitengo tovindikira mng'oma wamakono tikhale totambalala mamilimita 32, apo ayi njuchi zimanga zisa mopingasa ndipo pokolola mudzaswa ana a njuchizo. Adzakuuzaninso kuti mupake phula kunsi kwa timitengoto, chifukwa fungo lake ndilo limaitana njuchi. Mng'oma upachikidwe pawaya, pamthunzi, kutali ndi njira ndi makola, madzi ali pafupi. Wayayo mupake girisi, linthumbu lisakwere. Chiuli nachonso chimagwetsa mng'oma womangidwa mwaulesi.

Chimene chimandiwawa ndi kuona mtengo wa muombo wasendedwa khungwa lonse kuti apangire mng'oma wachikale. Mtengowo umauma, pomwe maluwa ake ndiwo chakudya cha njuchizo.

Musanakhome msomali woyamba, pitani kwa mlangizi wa zankhalango kapena mlimi wa njuchi wa m'dera lanu, mukafunse.