NYALI ZATHU ZIKHALE NDI MAFUTA PA MSEWU

Kuwerenga: Mateyu 25:1-13

Fanizo la anamwali khumi tonse timalidziwa. Onse anali ndi nyali, onse anawodzera, koma asanu okha ndi amene anatenga mafuta apadera. Ambuye anawatcha ochenjera chifukwa anakonzekera usiku kunja kusanade.

Ife okhala m'munsi mwa phiri la Michesi timayenda usiku kawirikawiri: pochokera kumaliro, pobwerera ku misonkhano ya amayi, kapena pothamangira ndi mayi wapakati ku chipatala cha Holy Family. Timapemphera tisananyamuke, ndipo nkoyenera kutero. Koma tikangoti "Amen" timakwera lole ya diso limodzi, dalaivala akununkha kachasu, tonse chete kuopa kuoneka amwano. Kodi uku si kunyamula nyali yopanda mafuta?

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tikudziwa kuti tulo timalemera kwambiri pakati pa 2 koloko ndi 5 koloko m'bandakucha. Dalaivala amene wachezera pamaliro sangatigonjetse tulo potsegula windo. Mankhwala a tulo ndi kugona. Tiyambe tamupatsa mphasa, kenako makiyi.

Mafuta athu ndi awa. Tisanakwere, tione ngati magetsi onse akuyaka, kutsogolo ndi kumbuyo. Dalaivala akamathamanga, timuuze mwaulemu kuti, "Bambo, chepetsaniko liwiro, mwanyamula miyoyo." Usiku njinga ndi ngolo zimangotulukira mwadzidzidzi. Ana athu a kabaza tiwalimbikitse kuvala zipewa zoteteza mutu, ndipo asanyamule anthu atatu panjinga imodzi. Tikamayenda pansi, tiyende kudzanja lamanja kuti tiziona galimoto ikubwera, titavala zoyera monga bulauzi yathu ya yunifolomu.

M'nyengo ya mvula tisaiwale zimene phiri lathu linatiphunzitsa. Napolo wa mu Marichi 1991 ndi namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 anakokolola misewu ndi milatho kuno ku Phalombe. Mumdima palibe angadziwe ngati mlatho udakalipo pansi pa madzi, ndipo madzi othamanga ofika m'mawondo atha kukokolola galimoto yaing'ono. Ndi bwino kugona kwa abale, n'kuwoloka kutacha.

Ngozi ikachitika, tipanikize bala ndi nsalu yoyera kuti magazi asiye kutuluka. Wovulala tisamumwetse madzi, ndipo pomunyamula mutu, khosi ndi msana zikhale zowongoka.

Amayi anzathu, Mulungu amatisunga, koma anatipatsanso maso ndi pakamwa. Kukana galimoto yoipa si kuchepa chikhulupiriro ayi, ndi kulemekeza moyo umene Iye anatibwereka. Pa msonkhano wotsatira, gulu lililonse lisankhe amayi awiri oona za maulendo, kuti tizinyamuka dzuwa likadalipo.

Tiyeni tipemphere: Atate, dalitsani madalaivala athu ndi onse oyenda usiku. Tipatseni nzeru zokonzekera ndi kulimba mtima kuti tiyankhule, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.