Khutbah ya Ijumaa: Mayi Wodwala Khunyu Yemwe Anapempha Kuti Asamavuke

Khutbah yoyamba

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mwini thupi ndi mzimu, Yemwe amatisungitsa thanzi ndi kutiyesa nalo monga momwe amatiyesera ndi matenda. Tikuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa koma Iye Yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, akubanja kwake, Maswahaba ake ndi onse owatsatira mwaubwino kufikira Tsiku la Chiweruzo.

Inu akapolo a Allah, tikudzilangiza tokha ndi kukulangizani kuti timuope Allah poyera ndi mseri, makamaka pa anthu ofooka omwe watiikira pakati pathu.

Ambiri a ife tinazionapo izi, kaya pamsika, kaya padoko, kaya pamzere wa Swala. Munthu waima bwinobwino, mwadzidzidzi wakuwa nkugwa, thupi lauma, kenako layamba kuphiriphitha, thovu lili kukamwa. Ife timatani? Ena timathawa poopa malovu ake. Ena timathamangira supuni kuti timukanule mano. Ena timakoka ana athu kuti asayandikire. Iye akatsitsimuka amapeza nsalu yasuntha, mwina wadzikodzera, ndipo maso a khamu ali pa iye. Ijumaa yotsatira malo ake pamzere amakhala opanda munthu, ndipo palibe wofunsa kuti ali kuti.

Imam Bukhari ndi Imam Muslim anasunga nkhani ya mayi wina wa matenda omwewa. Tsiku lina Ibn Abbas, Allah asangalale naye, anafunsa wophunzira wake Ata ibn Abi Rabah ngati akufuna kuona mkazi wa ku Jannah akuyenda padziko. Anamulozera mayi wakuda, nafotokoza kuti mayiyo anapita kwa Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, kukadandaula kuti amagwa khunyu, ndipo akagwa thupi lake limaonekera. Anapempha duwa. Mtumiki anamuika pakati pa ziwiri: kupirira nkudzalandira Jannah, kapena kumupemphera kuti achire. Iye anasankha kupirira, koma sanachoke pomwepo. Anabwereza dandaulo lake lachiwiri, napempha kuti amupempherere kuti asamavuke akagwa, ndipo Mtumiki anamupempherera.

Kawirikawiri tikamalalikira nkhaniyi timaimira pa kupirira. Theka linalo timalidumpha, pamene ndi lomwe likutiimba mlandu. Mayiyu sanabisidwe kuseri kwa nyumba. Anayenda yekha kukafika kwa munthu wolemekezeka kuposa onse, natchula matenda ake ndi dzina. Atavomera kukhala nawo moyo wake wonse, anakana kuti ulemu wake upite nawo limodzi. Mtumiki sanamudzudzule kuti wopirira sadandaula. Choncho wodwala akatiuza chomwe chikumupweteka, akafunsa dokotala mafunso, akakana kunyozedwa, sanatuluke m'kupirira. Ali m'mapazi a mkazi wa ku Jannah.

Taonaninso kuti amene anasankha ndi mwini matenda. Palibe yemwe anamusankhira. Bambo yemwe mwana wake amagwa, iye nkumati tingopirira, ndi chifuniro cha Allah, osamutengera kuchipatala, akupirira ndi thupi la mwini wake. Kupirira kotero sikwake, ndipo adzafunsidwa za mwanayo. Mtumiki yemweyo, atafunsidwa ndi Aarabu akuchipululu ngati nkololedwa kufuna mankhwala, anawalamula kuti aziwafuna, nawauza kuti Allah anaika mankhwala pa matenda onse kupatula ukalamba.

Abale ndi alongo olemekezeka, khunyu ndi matenda a ubongo. Sapatsirana kudzera m'malovu, mpweya, mbale kapena mphasa. Mwa zomwe zimawayambitsa kwathu kuno muli malungo okwera kumutu, matenda oumitsa khosi, kubanika kwa mwana pobadwa ndi kuvulala m'mutu pangozi za njinga zamoto. Palinso timazira ta njoka zam'mimba zochokera ku nkhumba, zomwe ofufuza anazipeza zambiri ku Angónia. Wina angati ife sitidya nkhumba, sizitikhudza. Ayi ndithu: timazirato timachoka m'chimbudzi cha munthu yemwe ali ndi njokazo nkulowa m'madzi, m'ndiwo zamasamba ndi m'manja osasamba. Pali enanso ambiri omwe chiyambi chake sichipezeka ngakhale atapimidwa.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse likuti anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo 7 mwa 10 alionse angathe kukhala osagwanso atalandira mankhwala oyenera. Koma m'maiko osauka, atatu mwa anayi alionse salandira mankhwalawo. Phenobarbital ndi carbamazepine ndi mankhwala akale, odziwika, osakwera mtengo. Mphamvu yake ili pa kumwa tsiku lililonse, nthawi imodzimodzi, zaka ndi zaka. Kuwasiya mwadzidzidzi chifukwa munthu wakhala miyezi itatu osagwa kungabweretse kugwa koopsa kuposa poyamba.

Sitikukana kuti majini alipo, pakuti Qur'an yolemekezeka yawatchula, ndipo kuwerengera wodwala ma ayah ndi maduwa ndi Sunnah. Koma ngakhale Ibn al-Qayyim, yemwe analemba za kugwa kobwera ndi mizimu, anavomereza kuti pali kugwa kochokera m'thupi, komwe ndi ntchito ya madokotala. Ibn Sina anawaika matendawa m'gulu la matenda a mutu zaka pafupifupi 1000 zapitazo. Choncho werengani Qur'an, ndipo mwanayo amwe mankhwala. Chomwe tikuchikana ndi malonda a anthu omwe amalandira mbuzi, nkhuku ndi meticais, namangirira zithumwa m'chiuno mwa wodwala, namuuza kuti mapiritsi akukwiyitsa chiwanda. Ena mwa iwo amavala kanzu ndi kofia ngati ife. Amuope Allah, pakuti mwana akagwera pamoto chifukwa cha malangizo awo, chilondacho chidzawachitira umboni.

Tikunena mawu athu awa, ndipo tikumupempha Allah chikhululuko chathu ndi chanu. Mupempheni chikhululuko.

Khutbah yachiwiri

Kuyamikidwa nkwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Pempho la mayi uja, lakuti asamavuke, lero lagwera m'manja mwathu. Munthu akagwa pamaso pathu, timuchotsere pafupi moto, madzi ndi miyala, tiike chofewa kunsi kwa mutu wake, ndipo timufunditse kapulana kapena malaya. Tisamupanikize, tisaike supuni, chala kapena madzi m'kamwa mwake; lilime silimezeka, koma mano amathyoka ndipo madzi amatsamwitsa. Kuphiriphitha kukatha timugoneke cham'mbali kuti malovu atuluke. Kukapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, kapena ngati ali woyembekezera kapena wavulala, tithamange naye kuchipatala. Khamu libalalike, atsale awiri, ndipo ngati ali mkazi atsale akazi anzake. Wojambula pafoni munthu ali m'mavuto otere nkutumiza pa WhatsApp wavula yemwe Mtumiki anamupempherera kuti avale.

Zikachitika m'kati mwa Swala, yemwe ali pafupi adule Swala yake nkumuthandiza; adzaiyambanso. Wodwalayo akatsitsimuka apangenso wudhu, chifukwa kukomoka kumauchotsa, kenako abwerere pamzere pomwe anali. Palibe lamulo la Shariya lomwe limamuthamangitsa mumzikiti.

Pa Ramadhan, Allah anapereka chilolezo kwa wodwala m'Surat al-Baqarah. Kusowa tulo ndi kudumpha mankhwala ndi zina mwa zomwe zimadzutsa khunyu. Wodwala afunse kuchipatala mweziwo usanafike ngati mapiritsi ake angamwedwe pa futari ndi pa daku. Akauzidwa kuti sizingatheke, amasule, adzabweze masikuwo, kapena adyetse masikini ngati sadzathanso kusala. Tisamuyang'ane ndi diso loipa. Mlongo wathu yemwe akuyembekezera kapena akufuna mwana anene msanga kuchipatala, pakuti ena mwa mankhwalawa, makamaka valproate, angavulaze mwana m'mimba. Asasiye yekha, amusinthire odziwa.

Tikudziwa chomwe chimabweza ambiri pakhomo la chipatala. M'dziko lathu odwala khunyu kawirikawiri amaonedwa ndi ogwira ntchito ya psiquiatria, ndipo munthu amaopa kuti akamuona pabenchi limenelo adzamutcha wamisala. Ndiye tisamusiye apite yekha. Mmodzi wa ife akhale naye pabenchipo, amuthandize kufotokoza ngati Chipwitikizi chikumuvuta, afunse dzina la mankhwala, mlingo wake ndi tsiku lobweranso. Mankhwala akasowa mwezi ndi mwezi, tisangodandaulira pakhonde la mzikiti. Ndime 89 ya malamulo aakulu a dziko lino ikupereka kwa nzika iliyonse ufulu wa chithandizo chamankhwala, ndipo zipatala zili ndi Gabinete do Utente ndi makomiti momwe anthu akudera amakhalamo. Akuluakulu a mzikiti apite kumeneko mwaulemu, ali ndi chiwerengero cha odwala ndi masiku omwe mankhwala anasowa.

Tili ndi chitsanzo pafupi. Ku Tete, m'chaka cha 2008, omwa ma ARV anayamba kudziika m'magulu a anthu osapitirira 6, mmodzi nkumapita kukatengera anzake mankhwala mosinthana. Njirayi, yotchedwa GAAC, pambuyo pake inafalikira m'dziko lonse. Anali anthu osauka, osalidwa, koma anagwirana manja. Ife timakumana kasanu patsiku. Kodi mzikiti ungalephere kudziwa nyumba zomwe muli wodwala khunyu, shuga kapena kuthamanga kwa magazi, nkupatula gawo la sadaka kuti likhale la chapa tsiku lopita kuchipatala?

Aphunzitsi a madrasa, mwana wogwa musamubweze kwawo. Nzeru zake zilipo, phunzitsani anzake chochita akagwa. Eni mabwato, mnzanu wodwala yemwe kugwa kwake sikunaleke asalowe panyanja, koma ntchito ya kumtunda ilipo: kusoka ukonde, kuyanika usipa, kugulitsa. Makolo ndi ankhoswe, pa nikah nenani zoona za matendawa mbali zonse ziwiri zisanagwirizane, ndipo wouzidwayo asunge chinsinsi. Ambiri odwala khunyu amakwatira, amabereka ndipo amalera ana awo bwinobwino.

E, Allah, chiritsani odwala athu. Omwe mwawalembera kukhala ndi matenda nthawi yaitali apatseni kupirira ndi malipiro a mayi uja, ndipo muwabise monga munamubisira iye. Limbikitsani amayi omwe sagona poyang'anira ana awo, dalitsani manja a madokotala ndi anamwino, ndipo tikhululukireni pa omwe tinawathawa atagwa. Chitirani chifundo omwe anamira ndi omwe anapsa. Tetezani dziko lathu la Mozambique ndi kulipatsa mtendere. Ameen.

Imirirani ku Swala, wongolani mizere.