Msangu ndi setilaiti ku Kaluluma

Ku Kaluluma, kumpoto kwa Kasungu, nduna ina ya mfumu, yomwe yalima fodya chiyambire nthawi ya Kamuzu, imakonda kutsutsana ndi mlangizi wamkazi wa m'deralo. Nkhani yawo ndi imodzi: minda ndi nkhalango ziyendetsedwe ndi maso a akuluakulu kapena ndi manambala a pakompyuta?

Mlangiziyo amayambira pa mvula. Akuti mu 2023 a zanyengo anachenjezeratu za El Niño, koma ambiri anadzalabe chimanga chochedwa kucha chifukwa mphepo ya mpoto inaomba monga mwa masiku onse. Pofika Marichi 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. "Agogo, zizindikiro zanu zinali zoona kale," amatero. "Koma mitengo imene munkawerengapo nyengo inathera m'zigafa ndi m'mabani. Mukafunsa yani lero?"

Mkuluyo sakana za mitengo, pakuti milimo ya zigafa anaidula ndi nkhwangwa yake. Iye amaloza msangu wa m'munda mwake. Mtengowu umayoyola masamba mvula ikayamba n'kuphukanso m'chilimwe, motero chimanga cha pansi pake chimapeza dzuwa ndi chajila chomwe. "Makolo ankausiya polima, popanda wowauza. Kenaka ofufuza a ICRAF anabwera, nayeza dothi, nati muli naitirojeni. Lero inu alangizi mukutiphunzitsa msangu ngati unabwera pagalimoto. Dzina la mlimi lili m'buku liti?"

Apa mkuluyo ali ndi mfundo yolemera, ndipo mlangizi amaidziwa. Mapu a nkhalango a Global Forest Watch amachokera ku zithunzi za setilaiti ya Landsat, pomwe kadontho kamodzi ndi malo a mamita 30 mbali zonse. Msangu umodziumodzi womwazikana m'minda nthawi zambiri suwerengedwa. Setilaiti sidziwanso kuti kankhalango kobiriwira kaja n'kumanda, ndipo katsala chifukwa nkhwangwa siloledwa kumeneko.

"Ndiye tiuzeni, tilembe," amatero mlangizi.

"Tikakuuzani, mapuwo akhala a yani? Mawa wina adzaona pakompyuta kuti dambo lathu silimidwa, n'kubwera ndi mapepala a malo."

Mantha amenewa si achabe m'boma limene minda yambiri ya makolo inasanduka maesiteti a fodya m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Koma mlangizi amawatembenuza: malamulo a malo a 2016 amalola kulembetsa malo a makolo, ndipo malire osajambulidwa ndi amene amalandidwa msanga. Amatchulanso njira ya PICSA, yochokera ku yunivesite ya Reading, pomwe alimi amaonetsedwa manambala a mvula ya zaka zambiri, n'kuwayerekeza ndi zimene akukumbukira, kenaka n'kusankha okha mbewu.

Pa ntchemberezandonda, zomwe zinafika m'dziko muno chakumapeto kwa 2016, amagwirizana mosafuna. Alimi ndiwo anayamba kuthira dothi m'mitima ya chimanga, komanso msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere. Ofufuza anatsatira pambuyo kudzayeza ngati zikuthandiza.

Chatsala n'chakuti mkuluyo akufuna mapu osindikiza akhale kwa mfumu, osati mufoni ya mlangizi yokha, ndipo manda ndi zitsime zisalembedwe mudzi usanavomereze. Mlangizi akuti za mapu angathe, koma za kumene manambalawo amakasungidwa akafika ku Lilongwe, ayenera kukafunsa akuluakulu ake.