Mfundo Zofunika: Pepala la Malamulo a Wosunga Nyimbo

Nyimbo timaidziwa ikamalira: pa maliro, pa chinkhoswe, m'minibasi yochoka ku depoti ya ku Old Town. Koma kodi ikasiya kulira imakagona kuti? Muno mu Lilongwe malo ena tikuwadziwa. Ku City Centre kuli likulu la National Library Service, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, ndipo mogwirizana ndi Malawi National Commission for UNESCO komanso Music Crossroads linayenda m'maboma kukajambula nyimbo za makolo. Ku Area 23 kuli Music Crossroads Academy, kumene achinyamata amaphunzira kuimba ndi kuwerenga manotsi. M'masukulu a ukachenjede, m'maseminale, ngakhale m'kachipinda ka kwaya kuseri kwa tchalitchi, mumakhala kabati ya mabuku a nyimbo, makaseti ndi zoimbira. Kawirikawiri amene amapatsidwa makiyi a malo otere ndi wophunzira, wogwira ntchito maola ochepa kuti apezeko ya sopo ndi yowonjezera pa fizi. Tsiku loyamba amamupatsa pepala la malamulo. Ndi pepala losakoma kuwerenga, abale ndi alongo, koma tiyeni tiliwerenge limodzi, chifukwa zambiri zili mmenemo zikunena za ife.

1. Chinthu chibwerere pamalo pake. Lamulo ili limaoneka ngati la ana, koma ndi limene laibulale yonse yatsamirapo. Buku loikidwa pa shelefu yolakwika latayika, ngakhale lili m'chipinda momwemo. Palibe wakuba analowa, palibe zenera linasweka, koma mphunzitsi adzalifuna, wophunzira adzalifuna, onse adzabwerera chimanjamanja. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse wosunga mabuku amayenda shelefu ndi shelefu, chala pa manambala, kuona ngati lililonse lili pakati pa anzake oyenera. Ku nyimbo nkhaniyi imakula. Nyimbo imodzi ya gulu loimba ndi zida imabwera m'fayilo ya mapepala ambiri, la lipenga lake, la gitala lake, la ng'oma lake. Ya kwaya imabwera m'makope okwanira anthu onse. Amawerenga mapepalawo potuluka, amawerenganso pobwera. Pakasowa limodzi lokha, nyimbo yonse yalumala, ndipo zidzadziwika tsiku la chionetsero woimba mmodzi atangoima kukamwa yasa. Kodi ndi zinthu zingati pa moyo wathu zimene sizinabedwe, koma tinangoziika pamalo olakwika? Lonjezo limene tinati tidzakwaniritsa "tikapeza mpata", ndalama ya bungwe imene tinaisunga m'thumba limodzi ndi yathu, mawu opepesa amene tinakanena kwa anthu ena osati kwa amene tinamulakwira. Zonsezi zilipo, koma mwini wake sangazipeze.

2. Lemba dzina, lemba tsiku. Kaundula wa pa kauntala amafuna zinthu zochepa: watenga ndani, watenga chiyani, liti, adzabweza liti. Dzanja limatopa, ndipo mtima umanong'oneza kuti ameneyu ndikumudziwa, ndikumbukira. Koma mutu wa munthu si kaundula, ndipo amene adzakhale pa mpandowo mawa sadzaona zimene zili m'mutu mwathu. Taganizani za Hugh Tracey, amene anayenda m'dziko muno m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958 ndi makina ojambulira mawu. Zimene anajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954 ndipo lero ili ku Rhodes University ku South Africa. Pamene panalembedwa dzina la woimba bangwe ndi dera lake, mdzukulu atha kumva mawu a agogo ake n'kunena kuti awa ndi athu. Koma pena panangolembedwa kuti gulu la amayi, kapena gulu la anyamata. Mawu awo alipo, okoma mpaka lero, koma eni ake sitingawaloze. Nyimbo za Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka dziko likuzidziwa bwino chifukwa Gerhard Kubik, atakumana nawo mu 1967, sanangojambula, analembanso mayina, masiku ndi mmene ankaimbira. Wophunzira amene akulemba bwinobwino pa chikuto cha kaseti akugwira ntchito yomweyo, ngakhale sakudziwa. Kulemba dzina la munthu molondola ndi ulemu. Kodi ife timakumbukira kutchula amene anatiphunzitsa zimene lero tikutamandidwa nazo?

3. Lamulo silisankha nkhope. Apa ndi pamene wophunzira amayesedwa zenizeni. Amabwera mnzake wa m'chipinda chimodzi, amene dzulo lomwe anamugawira ndiwo: "Aise, tangondibwereka gitalayo usiku uno wokha, mawa mamawa ndibweza, palibe adziwe." Amabweranso bambo a galimoto yonyezimira ochokera ku Area 10 kapena ku Area 43, olankhula motsitsa koma mosayembekeza kukanidwa: "Mwana wanga, bukuli ndingolitenga, abwana ako timadziwana." Woyamba akukoka ndi ubwenzi, wachiwiri akukankha ndi udindo. Yankho ndi limodzi, ndipo litha kunenedwa mwaulemu wonse: "Pepani bambo, limeneli silituluka, koma mutha kukhala apa n'kuwerenga." Tisanamize ana athu kuti kukana n'kophweka. Mnzako amakunyanyala sabata yathunthu, amakutcha wodzimva. Koma kabati ikatsegukira mmodzi mwamseri yatsegukira onse, ndipo amene amavutika ndi wophunzira wosauka wopanda mnzake pa kauntala, amene laibulale ndiye chuma chake chokha. Mzinda wathu uno wa maofesi umadziwa bwino zimene zimachitika mafayilo akamayenda potengera nkhope. Munthu amene adzakane chinyengo ku Capital Hill amayambira pa gitala ya sukulu.

4. Gwira ndi manja awiri, ndipo akhale oyera. Osadyera m'laibulale, mafuta a mandasi amasiya chidindo pa pepala, nyenyeswa zimaitana mphemvu ndi makoswe. Pa manotsi lemba ndi pensulo, osati bolopeni, kuti wobwera pambuyo athe kufufuta. CD igwire m'mphepete. Tepi isayandikire sipika, chifukwa maginito amafafaniza mawu. Mbale ya galamafoni isagone padzuwa, imapindika. Mu October fumbi la Lilongwe limalowa ngakhale m'kabati yotseka, mu January chinyontho chimameretsa nkhungu pa matepi n'kufewetsa chikopa cha ng'oma, ndipo chiswe sichidikira nyengo. Koma mzere wa pa pepalalo umene ine ndimaukonda ndi wakuti chinthu chikawonongeka kanene, usachikonze wekha. Tsamba long'ambika lomatidwa ndi selotepi limaoneka bwino lero, koma pakapita zaka guluu uja amadya pepala n'kusiya banga la chikasu. Safunsa anadya phula. Ambiri a ife timawononga zinthu kawiri: koyamba mwangozi, kachiwiri pobisa ngoziyo. Ngozi yoyamba ija mkulu wa ntchito aliyense wanzeru amaimvetsa. Nanga bwanji timaopa kwambiri kunena kuti "bwana, chandiphulika m'manja" kusiyana ndi kudzapezeka pambuyo kuti tinabisa?

5. Kusunga si kukhala mwini. Pa kompyuta ya laibulale pali nyimbo zambirimbiri, ndipo m'thumba mwa wophunzira muli flash. Mphindi zisanu zokha, zonse zalowa. Ndani angaone? Kunja kuno, mu msika wa Lilongwe, anyamata oika nyimbo m'mafoni ndi m'mamemori khadi ali paliponse, mpaka tinazolowera kuganiza kuti nyimbo ilibe mwini. Koma ili naye. COSOMA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1992, lilipo kuti woimba adyeko thukuta lake, ndipo lamulo la umwini wa zaluso la 2016 likunena zomwezo. Tonse tinamvapo za oimba amene nyimbo zawo zinavinidwa dziko lonse koma iwo n'kumwalira ali m'umphawi, maliro awo n'kuyendera msonkhamsonkha. Palinso umwini wina umene sulembedwa m'malamulo a boma. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ali ndi zake zimene si za pabwalo. Mayi wokalamba akalola kuti nyimbo ya chinamwali ijambulidwe kuti isungidwe, sanalole kuti mawa ipezeke pa Facebook anthu akuiseka. Anakhulupirira amene anabwera ndi makina aja, ndipo chikhulupirirocho tsopano chili m'manja mwa mnyamata kapena mtsikana wa pa kauntala amene mayiwo sadzamuona n'komwe. Ifenso tasungitsidwa zambiri: zinsinsi za anzathu, ana a abale athu, ndalama za banki m'khonde. Kodi amene anatisungitsa angagone tulo?

6. Fika pa nthawi, ndipo foni ikhale m'thumba. Izi sizifuna mawu ambiri. Mnzako amene ukukamulandira ntchito ali ndi kalasi yake. Ndipo m'nyumba ya nyimbo ndi mmene mumafunika bata koposa, chifukwa wina wavala mahedifoni akuyesa kugwira mawu a besi amene akumuzemba.

7. Wotuluka pomaliza ayang'ane kumbuyo. Madzulo anthu akamathamangira maminibasi pa City Centre, wophunzira wathu amatsala ndi ntchito imene palibe adzamuyamikire. Kuzimitsa makompyuta, kuzula mapulagi, makamaka tsiku limene magetsi anazima masana ndipo zinthu zinasiyidwa zoyaka. Kutseka mawindo a mbali ya mvula, kuwerenga mahedifoni, kulemba kakalata kouza wa mawa zimene zatsala, kubweza makiyi kwa alonda n'kusaina. Wina angati zonsezi n'zochulutsa. Koma pa 18 December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa usiku umodzi. Anthu akufuna kwabwino a m'dziko muno ndi akunja anasonkha mabuku ena, chifukwa buku losindikizidwa limakhala ndi anzake kwina. Tepi imene munajambulidwa mkulu woimba kaligo amene anatisiya kale ilibe mnzake. N'chifukwa chake malo osunga nyimbo amene ali tcheru amakopera zonse zimene ajambula n'kukasunga kope lina m'nyumba ina, kutali ndi loyambalo, ndipo ntchito yotopetsa yokoperayo, fayilo ndi fayilo, kumvetsera ngati yalowa yonse, nthawi zambiri imagwera wophunzira yemwe uja. Amafika ku hositelo mochedwa, nsima itazizira, ndipo mawa m'mawa ali ndi mayeso.