Kodi Lamulo Lingathe Kusunga Cinenero?

Kumadzulo kwa England kuli dziko laling'ono la mapiri ndi nkhosa, dzina lace Wales. Eni dziko ali ndi cinenero caocao cochedwa Cymraeg, cosiyana kutali ndi Cingerezi. Mbiri yace itipatsa funso loyenera kulilingalira: kodi Boma liri ndi mangawa pa cinenero ca anthu ace, kapena imeneyi ndi nkhani ya pakhomo yokha?

M'caka ca 1536 Mfumu Henry VIII inaika lamulo lakuti milandu ya m'Wales iweruzidwe m'Cingerezi, ndi kuti munthu wosalankhula Cingerezi asalandire udindo. Taganizani, abale, za nkhalamba yoimirira pabwalo, mlandu wa munda wace ulikukambidwa, koma iyo ingoyang'ana pakamwa pa womasulira. Pambuyo pace, m'zaka za m'ma 1800, m'masukulu ena mwana wolankhula Cymraeg anali kumkoloweka kathabwa m'khosi, ndipo wakupezeka nako poweruka ndiye anakwapulidwa. Mwanayo, pofuna kupulumuka, anachera khutu kuti agwire mnzace.

Cinkana zinatero, cinenero sicinafe. William Morgan anatsiriza kumasulira Baibulo lonse m'Cymraeg mu 1588, ndipo anthu analiwerenga m'chalichi ndi m'Sande Sukulu mibadwo yambiri. Mu 1800 mtsikana Mary Jones anayenda pansi mamailosi ngati 25 kunka ku Bala kukagula Baibulo. Nkhani yace inathandiza kuyambitsa Bible Society mu 1804, bungwe lomwe lija linathandizanso kusindikiza Buku Lopatulika lathu mu 1922.

Tsono wina anganene kuti, Ngati cinakhala moyo popanda lamulo, lamulo nlaciani? Ndiponso lero pafupifupi onse a ku Wales adziwa Cingerezi. Yankho tilipeza pa banja la Trefor ndi Eileen Beasley a ku Llangennech. Mwamuna anali wokumba malasha, mkazi mphunzitsi, ndipo onse awiri Cingerezi anacidziwa bwino. Kuyambira 1952 anakana kupereka msonkho wa nyumba kufikira kalata ya msonkho italembedwa m'Cymraeg. Anawaitana ku bwalo la milandu kawirikawiri, nawalanda katundu wa m'nyumba kangapo, ndipo mu 1960 kalatayo inadza m'zinenero ziwiri. Ife tiyesa kuti sanalakwe. Boma lodya msonkho wa munthu liyenera kumlankhula monga mwini mudzi. Kumkakamiza cinenero cina pa khomo lace ndiko kumuyesa mlendo m'dziko la makolo ace.

Malamulo anatsatana mu 1967 ndi mu 1993. La mu 2011 linakhazika Cymraeg cikhale cinenero ca Boma m'Wales, ndipo mu 2012 anaika Kamisinala woyang'anira, woyamba ndiye Meri Huws. Munthu amene ofesi ya Boma yakana kumthandiza m'cinenero cace akhoza kukadandaula kwa Kamisinala, iye nafufuza, ndipo ali nayo mphamvu yakulipiritsa. Apa mangawa akale alikubwezedwa, ndipo akadayenera kubwezedwa ngakhale olankhula akadatsala owerengeka.

Koma tisadzinyenge kuti lamulo licita zonse. Kamisinala akhoza kulamula kalaliki wa pa ofesi, koma sangalowe m'nyumba kukauza mai cinenero cakutonthoza naco mwana. Mu 1901 theka la anthu a ku Wales analankhula Cymraeg. Mu 2017 Boma lao linalonjeza kuyesetsa kuti olankhula afike miliyoni imodzi pofika 2050. Koma kalembera wa 2021 anapeza anthu 538,300, pamene wa 2011 anapeza 562,000. Anacepa makamaka pakati pa ana, ndipo cigawo cimene cinabwerera m'mbuyo koposa ndi Carmarthenshire, kwao kwa a Beasley.