Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto

Mwezi wa Okutobala ukafika, udzu utauma gwa, anyamata osaka mbewa amangoponya kamuuni kamodzi, tchire lonse n'kuyaka. Moto wotere suzimika ndi nthambi. Umadumpha njira, umanyambita mitengo, akalulu ndi njoka n'kumathawira kumodzi. Koma ukatsetserekera kudambo umayamba kufooka. Udzu wakumeneko ndi wauwisi, pansi m'ponyowa, ndipo malawi aja amasanduka utsi, kenako zii. Makolo ankaona zimenezi chaka ndi chaka, n'chifukwa chake adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Dambo silimenyana ndi moto, limangoumana chakudya. Ndipo chinyontho chake si cha mvula ya dzulo, ndi madzi amene nthaka idasunga kuchokera m'dzinja. Mwambiwu ukunena za munthu amene zaka zidamusiyira kanthu m'kati, moti mkwiyo wa ena ukamufika umasowa pogwira.

Pa Lunzu pali agogo ena aamuna, telala wakale, amene zaka zawo zapitirira 85. Njala ya 1949 idawapeza ali kamnyamata koweta mbuzi. Adaona anthu akukumba mizu kutchire, ndi abambo akusiya mabanja ati kukasuma, ena osabwerera. Atakula adalemba Wenela kupita kumigodi ya ku Joni, ndipo adabwerako Kamuzu ataletsa ulendowu chifukwa cha ndege imene idagwa ku Francistown mu 1974 itanyamula Amalawi. Ndalama zakezo adagulira makina osokera a Singer, nakhala nawo pakhonde la sitolo zaka zambirimbiri, akusoka mayunifolomu a sukulu ndi kumva nkhani za tauni yonse. Pa riferendamu ya 1993 mwana wawo wina ankavotera nyali, wina tambala, koma onse ankadyera mbale imodzi pakhomo pawo. Edzi itavuta m'zaka zimenezo adaika ana awo akuluakulu m'manda, iwo ndi agogo aakazi n'kuyambanso kulera, kuphala phala la adzukulu ndi kusaka fizi.

Munthu wotere mukamuuza kuti dziko latha chifukwa mnzanu walowa mizere itatu m'munda mwanu, amakumverani ndithu, koma mtima wake sudumpha.

Mlongo wa agogo a pa Lunzu aja atamwalira, ana ake awiri adakangana za malire a munda. Adafika pakhomo pa agogowa dzuwa litapendeka, wina chikwanje chili m'manja, mawu ali m'mwamba.

"Malume, lero mutiuze, apo ayi wina agona kuchipatala!"

"Khalani pansi, ana inu. Khosi langa lidauma, sindingathe kuyankhula ndi anthu oimirira. Chikwanjecho tsamiritsani pankhokwepo."

Adaitanitsa thobwa. Adalola wamkulu kuti ayankhule mpaka mawu kumuthera, kenako wamng'ono chimodzimodzi, osadula aliyense pakamwa. Atatha onse, adafunsa za mtengo wa mango umene uli pachulu: adaubzala ndani? Palibe adadziwa. Adawauza kuti ndi mayi awo, ndipo mu njala ya 2002 mango ake osakhwima ndi amene ankawiritsa kudyetsa nyumba zonse ziwiri. "Mawa m'mamawa tikayende m'mundamo, ndikakuonetseni pamene agogo anu adakhoma nkhadze." Kutacha adapitadi, koma amene adapita nawo anali anthu ena, ogona tulo, amanyazi. Malire adapezeka, ndipo nkhaniyo sidafike n'komwe kwa amfumu.

Ine ndimaona kuti nzeru yaikulu pamenepa inali kuchedwetsa. Achinyamata amayesa kuchedwa kwa nkhalamba ndi ulesi wa ukalamba, chikhalirecho ndi luso. Ankhoswe akale ankadziwa kuti mlandu wa banja suweruzidwa usiku umene mbale zasweka. Chinanso, agogowa anali ndi chimene anyamata aja analibe: ankakumbukira. Munda umene ulibe chikalata umadalira mutu wa munthu amene adaona ukugawidwa.

Si imvi zonse zili ndi madzi. Alipo akuluakulu okolezera moto, onyamula mawu apa kukatula apo, olanda katundu wa amasiye maliro asanaikidwe. Mwambiwu suwaphimba amenewa. Umanena za mkulu amene mavuto adamufewetsa mtima, ndipo otere alipo ambiri kuposa mmene timawerengera.

Chimene chimandiwawa n'chakuti masiku ano moto tikuuyatsira m'dambo momwemo. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu adapha okalamba anayi a banja limodzi powaganizira ufiti, mphenzi itapha mtsikana wina wa m'banjamo. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma mpaka lero mwana akadwala kapena bizinesi ikagwa, chala chimaloza agogo amene akhalitsa, ngati kuti kufika zaka 90 ndi mlandu. Munthu adapulumuka njala ziwiri, fumbi la mumgodi ndi maliro a ana ake, n'kudzathamangitsidwa ndi adzukulu amene adawalera yekha. Ku Neno kuja, amene akadakhazika anthu pansi kuti nkhani ya mphenzi ikambidwe kutacha ndi omwewo amene adaphedwa.