Kodi Kusiyana kwa Anthu Kuli ndi Ntchito Yake?

Mu 1945 akatswiri awiri a ku America, Kingsley Davis ndi Wilbert Moore, adalemba kuti kusiyana kwa anthu pa chuma ndi ulemu si ngozi ayi. Iwo adati dziko lili ndi ntchito zina zofunika kwambiri, zolira luso ndi maphunziro a zaka zambiri, ndipo kuti munthu alolere kuvutikira zimenezi ayenera kulonjezedwa malipiro ochuluka. Dokotala akamalandira zofanana ndi wosesa, ndani angapirire mabuku?

Maganizowa ali ndi nzeru yake, ndipo mkhristu asathamangire kuwataya. Amatikumbutsa kuti mtundu wa anthu uli ngati thupi, monga Paulo Woyera akuphunzitsira pa 1 Akorinto 12. Amafotokozanso chifukwa chimene anamwino athu ambiri adapitira ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000: luso likasowa mphotho kwawo, limasamuka.

Koma tengani maganizowa mupite nawo ku Ndunde, m'boma la Chiradzulu. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka ma ARV m'bomali, nthawi imene ambiri ankati mankhwalawa ndi ovuta, oyenera madokotala okha. Madokotalawo kunalibe okwanira. Pang'onopang'ono ntchitoyo idatsikira ku zipatala zazing'ono monga cha Ndunde, anamwino nayamba kuyambitsa odwala mankhwala, alangizi a zaumoyo nathandiza kuyeza ndi kulondola amene asiya kubwera. Anthu amene akadafa adadzuka nabwerera kumunda. Luso limene ankati ndi losowa lidapezeka kuti lidalipo kale. Chimene chinkasowa ndi chilolezo ndi maphunziro. Nanga malipiro a anthuwa adafika pa a dokotala? Ayi ndithu.

Apa ndi pamene Melvin Tumin adawatsutsira anzake aja mu 1953. Iye adafunsa kuti amene amagamula kuti ntchito iyi ndi yofunika kuposa iyo ndani. Adaonanso kuti kusiyanako kumakwirira luso m'malo moliutsa. Mtsikana wanzeru wa ku Ndunde amene wasiyira sukulu panjira chifukwa cha umphawi sadalephere mpikisano, sadalowe n'komwe.

Chiradzulu ikudziwanso mbali ina yowawa. Thangata wa pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero ankayenda bwino ndithu: thonje ndi fodya zinkakololedwa, msonkho unkalowa, aliyense ankadziwa malo ake. Wongoyang'ana ngati dongosolo likugwira ntchito akadati zonse zili m'chimake, mpaka John Chilembwe ndi anthu ake a ku Mbombwe adaukira mu Januwale 1915 (ndipo mishoni yathu ya Nguludi idapsa nawo pa chipwirikiticho). Mawu oti chinthu chikugwira ntchito sanena kanthu mpaka wina afunse kuti chikugwirira yani. Paulo yemwe uja sadalekere pa kusiyana kwa ziwalo. Adapitiriza kunena kuti zooneka zofooka ndi zimene thupi silingakhale popanda izo, ndipo zimayenera ulemu woposa. Gawo limenelo Davis ndi Moore alibe.

Mpingo sudaphunzitsepo kuti onse azilandira chimodzimodzi. Papa Leo XIII, m'kalata yake ya Rerum Novarum ya 1891, adavomereza kuti anthu amasiyana mphatso, koma adati malipiro osakwanira kusunga moyo wa wantchito ndi osalungama, ngakhale wantchitoyo atawavomera yekha chifukwa cha njala. Maepiskopi athu adadandaulanso za phompho la pakati pa olemera ndi osauka m'kalata yawo ya pa 8 Marichi 1992.

M'nyumba zambiri za m'tauni muli mtsikana kapena mnyamata wochokera kumidzi ngati ya ku Ndunde. Ndiye amadzuka m'bandakucha, kuphika, kuchapa ndi kulera ana kuti bwana ndi dona afike ku ofesi pa nthawi yake. Atachoka sabata imodzi yokha, pakhomo pamasokonekera. Potsata muyeso wa Davis ndi Moore womwewo, ntchito yake ndi yofunika zedi. Ambiri mwa iwo Lamulungu lino atsala kunyumba, akuphika nsima ya amene ali ku Misa.